Mbale Imene Ndinkatsuka Ndekha

Lolemba, 10 Juni 1996

Ngati mwatsegula kope lino chifukwa nanunso chakudya chimakuimani pakhosi, ndikudziwa chimene mukuopa. Mukuganiza za khansa, kapena matenda aja amene masiku ano munthu akangowonda anthu amayamba kumuwerengera miyezi. Inenso ndakhala ndikuopa zomwezo zaka ziwiri. Sindikudziwabe kuti changa n'chiyani, koma ndizilemba monga zikuchitikira. Dzanja la mphunzitsi silikhala chete.

Ndine Eluby Makwinja wa kwa Malemia, zaka 61, amuna anga anamwalira. Ndinaphunzitsa atsikana zophikaphika, kusoka ndi kusamala pakhomo kwa zaka makumi atatu. Andigoneka lero masana mu wodi ya amayi kuno ku Zomba, bedi 6, atanditumiza kuchokera ku chipatala chathu chaching'ono. Akuti chibayo. Kutentha kwa thupi 39.2. Pa sikelo makilo 44; chaka chatha ndinali 55. Jakisoni wa penisilini kanayi pa tsiku.

A Isaki, dokotala wa wodi ino, anandifunsa: "Amayi, kudya mumadya bwino?" Ndinati eya. Ndanama tsiku loyamba lomwe.

Lachiwiri, 11 Juni

38.8. Chifuwa chikubaya kumanja ndikapuma.

Aliyense muno ali ndi womudikirira, amene amamuphikira ku khitchini ya magadiyani. Ine ndilibe. Mwana wanga Morton amagwira ntchito ku maiwe a nsomba ku Domasi, amafika akaweruka, pa minibasi. Anesi a Tikondane anafunsa, "Mulibe mwana wamkazi, kaya mpongozi?" Ndinati mpongozi alipo koma ali kwawo.

"Ali kwawodi," anatero mayi wa pa bedi 7, osandiyang'ana n'komwe. "Ndimamuona m'mawa uliwonse akusesa pa sitolo ya bambo ake, a Alaudin."

Ameneyu ndi Abiti Aufi, amagulitsa usipa pa Songani. Anagwa pa matola, mwendo uli m'chikhakha. Pa mabedi makumi atatu onsewa, andiika pafupi ndi munthu wondidziwa.

Lachitatu, 12 Juni

38.1. Ndadya phala masipuni asanu nditatembenukira kukhoma. Patatha ola linabwerera. Ndinalilandira m'kansalu.

Lachinayi, 13 Juni

37.6. Lero mutu wapepuka, ndiye ndilembe chimene ndinabisira a Isaki.

Ndikameza, chakudya sichitsika chonse. China chimatsala penapake m'khosi, kumanzere. Pakapita ola, nthawi zina maola atatu, chimabwerera mkamwa monga momwe ndinachitafunira. Si kusanza ayi, chifukwa sichiwawasa, m'mimba sichinafikeko. Ndikawerama kuti ndisese, chimabwera. M'mawa ndimapeza pilo atanyowa. Ndikamwa madzi, m'khosi mumalira kuti kulukulu ngati chigubu chosadzaza. Ndipo pali fungo. Ine amene ndinkaima pakhomo la kalasi kuyendera zikhadabo ndi mano a ana a eni, mkamwa mwanga mumatuluka fungo la ndiwo zadzana.

Choncho ndinayamba kudya ndekha kuchipinda. Ndinapatula mbale imodzi yamaluwa ndi kapu yake, n'kumazitsuka ndekha, n'kuziika pamwamba pa kabati. Ndinkati ndikuteteza anzanga ku zonyansa zanga.

Tsoka lake, imeneyi ndi nthawi yomwe Morton anakwatira Mwanahamisi, mwana wa a Alaudin ndi mayi Lukiya a pa Songani. Iwo ndi Asilamu, ife ndi a mpingo. Ndisabise: poyamba ndinakana. Ndinati, "Morton, atsikana onse a kwaya aja akusowa?" Mawu amenewo anafika pa Songani ine ndisanawameze. Pambuyo pake ndinamudziwa mtsikanayo, ndipo ndinamukonda. Makolo ake analola kuti achoke kwawo adzakhale pakhomo pathu chifukwa ndili ndekha, chinthu chimene kwathu kuno anthu salola wamba.

Ndiye taganizani. Mwana wabwera kudzasamala apongozi. Akaphika, apongozi atenga mbale yawoyawo n'kukadzitsekera. Akati atsuke mbaleyo, apongozi amulanda. Akayandikira kuti alankhule, apongozi atembenuza nkhope, dzanja pakamwa.

Kenako inafika Idi ija amapha mbuzi, kumapeto kwa Epulo. Mayi Lukiya anabwera okha ndi mwendo wa mbuzi ndi mpunga wa faya. Mwanahamisi anaphika, tinakhala pamphasa atatu, mbale imodzi. Kukana sindikanatha. Ndinadya, ndinayamikira. Kenako ndinamva khosi likudzaza. Ndinapita kuseri, pa nthochi, ndinakanikiza pakhosi ndi zala monga ndinazolowera, n'kutulutsa zonse. Potembenuka ndinapeza mayi Lukiya ataima ndi beseni la madzi osamba m'manja. Pansi panali mpunga wawo ndi nyama yawo, zooneka bwinobwino.

Anati, "Apongozi, mwadwala?"

Ndinati, "Ayi, ndili bwino."

Mawu atatu amenewo ndiwo anachotsa Mwanahamisi pakhomo panga. Anapita Loweruka lake.

Lachisanu, 14 Juni

37.2. Pamene a Isaki amayendera odwala, anesi anandipatsa madzi omwera mankhwala. Khosi linalira pamaso pa onse. A Isaki anaima.

"Imwaninso."

Ndinamwa. Anaika zala kumanzere kwa khosi langa n'kukanikiza pang'ono. Kulukulu. Phala la m'mawa linabwera mkamwa. Ndinalakalaka bedi litandimeza.

"Zayamba liti izi?"

"Zaka ziwiri."

"Aphunzitsi," anatero mofatsa, "Lolemba munandiuza kuti mumadya bwino. Chibayo chanuchi chachokera pomwepa. Chakudya chikabwerera muli mtulo chimalowera kumapapo."

Akuti Lolemba akandijambula nditamwa mankhwala oyera. Andikwezera kumutu kwa bedi ndi mapilo awiri.

Atachoka, Abiti Aufi anandiyang'ana nthawi yaitali. "Achemwali, ndiye kulavula kuja n'kumeneku?"

Anapitiriza:

"Pa Songani ponse akuti munalavula nyama ya Idi chifukwa yazingidwa ndi Msilamu. Ena akuti mumaopa kuti mtsikana uja akuthirirani mankhwala. Amayi ake sapitanso kuchigayo masana. Inu muli phee ndi chigubu chanu m'khosi!"

Ndinati ndi nkhani yovuta kufotokoza.

"Yovuta? Inu si aja munkafotokozera ana athu kaphikidwe ka keke ola lathunthu, uvuni mulibe?"

Wodi yonse inaseka. Inenso ndikanaseka.

Loweruka, 15 Juni

Morton wabwera ndi nthochi zakupsa ndi nkhani. Ankhoswe a mbali zonse akumana pa 23, Lamulungu la sabata yamawa, kwa a Alaudin. A kuchikazi akuti ngati mwana wawo ali wodetsedwa pakhomo pathu, ukwati uthe aliyense adziwe pake.

"Amayi, tangondiuzani. Anakulakwirani chiyani?"

"Palibe, bambo."

"Nanga bwanji? Ine kuchoka n'kukusiyani nokha sindingathe. Kumusiya iye sindingathenso. Mukufuna ndidzigawe pakati?"

Mwana wanga wawonda kuposa ine. Ndinamuuza kuti adikire za Lolemba. Ngakhale iye, amene ndinamusambitsa, ndalephera kumuuza kuti amayi ake amanunkha mkamwa.

Lamulungu, 16 Juni

Amayi a Mvano anabwera asanu, ndi nkhuku yokazinga ndi mbatata. Anaimba nyimbo ziwiri. Ndinati dokotala waletsa nyama. Nkhukuyo yadyedwa ndi a pa bedi 4 ndi 5.

Madzulo ndinayamba kalata kwa Mwanahamisi. Masamba atatu, ndi mitu yake, ngati ndikukonzekera phunziro. Nditawerenga ndinapeza kuti ndafotokoza zonse kupatula fungo ndi nthochi zija. Ndaing'amba.

Lolemba, 17 Juni

Andijambula. Mankhwala ake ndi oyera, olemera, ngati choko chosungunula. Umaima chammbali, amati "mezani," makina n'kulira.

Masana a Isaki anabweretsa chithunzi n'kuchiika pawindo. Ndilemba monga anandifotokozera, chifukwa ndinawafunsa kawiri. Pamene khosi lathera ndipo njira ya chakudya yotsikira m'mimba yayambira, pali mnofu wozungulira, ngati chingwe cha pakamwa pa thumba. Munthu akameza, mnofuwo umayenera kumasuka kuti chakudya chidutse, kenako n'kutsekanso. Wanga sumasuka bwino. Ndiye chakudya, posowa njira, chakhala chikukankha khoma lakumbuyo chaka ndi chaka, mpaka khomalo lafufuma n'kusanduka kathumba. Pachithunzipo kakuoneka koyera, kolendewera, kukula kwake ngati dzira la nkhuku. Ife osoka tingati thumba la apuloni losokedwa mkati. Chimene chagweramo chimakhala momwemo, n'chifukwa chake fungo, mpaka chitabwerera.

Si khansa. Si matenda enawo. Magazi anayeza kale. Sikupatsirana. Akuti kamakonda anthu achikulire, ndipo sikuti ndinalakwitsa kanthu. Dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Blantyre abwera Lachiwiri pa 25. Adzang'amba kumanzere kwa khosi, adzadula mnofu wouma uja ndi kuchotsa kathumbako.

Sikupatsirana. Ndiye kuti mbale ija ndinkaipatula pachabe.

Ndimayesa ndisangalala. Koma ndakhala ndikuyang'ana dzira loyeralo n'kumati: kanthu aka ndiye kandithamangitsira mwana wa eni?

Lachitatu, 19 Juni

36.9. Makilo 44 ndi theka. Jakisoni asiya, tsopano mapiritsi, amene amandiphwanyira m'madzi chifukwa athunthu amakagwera m'kathumba.

Mwanahamisi anabwera. Osati kwa ine: anabwera kudzaona Abiti Aufi, ndi kabakuli ka futali. Atandiona anagwada patali ndi bedi, patali ndithu, monga ndinamuphunzitsira ndekha osadziwa.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera bwino, mayi. Kaya kunyumba?"

"Ali bwino."

Basi. Anakhala ndi Abiti Aufi mphindi makumi awiri, akucheza m'Chiyao motsitsa mawu. Chithunzi chinali pansi pa pilo wanga. Dzanja langa linali pomwepo. Anatsazika, anapita.

"Mwamulola apite?" anatero Abiti Aufi. "Ine ndamuitanitsa dala, mwendo wanga sufuna futali. Ndikanatha kumuuza ndekha, koma pakamwa panga pa Songani amati ndi wailesi. Akamva kwa ine adzati aphunzitsi agula mboni."

Ndinawapempha amuitanenso.

"Loweruka. Mukaphonyanso, ndipempha anesi andisamutse bedi."

Lachisanu, 21 Juni

Ayeza magazi a opaleshoni. Ndasayina pepala. Chimene ndikuopa ndi za mawa.

Loweruka, 22 Juni

Mwanahamisi anabwera cha m'ma 2 koloko. Atagwada patali paja ndinati, "Mayi, sunthirani pafupi. Pafupi kwambiri." Sindinaike dzanja pakamwa. Ndinaona mphuno yake ikumva, ndipo iye, mwaulemu wake, anayesetsa kuti nkhope isasinthe.

"Mwamva? Fungo limenelo ndilo ndinkakubisirani."

Ndinatenga dzanja lake, ndinaliika kumanzere kwa khosi langa, ndinamwa madzi. Khosi linalira pansi pa zala zake. Anadzidzimuka koma sanachotse dzanja. Ndinakanikiza zala zake ndi zanga, phala la masana linabwera, ndinalilavulira m'mbale ya chipatala iye akuona. Kenako ndinamuonetsa chithunzi. Phunziro lalifupi kuposa onse amene ndinaphunzitsapo.

Ndimayesa alira, kapena andikumbatira. Anapukuta dzanja pachitenje. Kenako anati:

"Pa Idi paja zinalinso zimenezi?"

"Eya."

"Ndi mbale ija?"

"Eya."

"Amayi, ine ndinkasamba m'manja katatu ndisanakuphikireni. Ndinasiya kuthira adyo. Ndinafika pofunsa Morton ngati a mpingo wanu ali ndi katsukidwe kawo ka mapoto. Ndiye inu munkaona zonsezo, n'kusankha kuti ine ndioneke mfiti kusiyana n'kuti inu muoneke odwala?"

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanakweza.

Ndinati, "Ndi momwemo. Ndinachita manyazi, ndipo manyazi anga ndinakusenzetsani inu. Pepani, mwana wanga."

Anaimirira. "Ndamva, amayi." Anatuluka, kabakuli kake anakaiwala.



Lamulungu, 23 Juni

Tsiku la ankhoswe. Sindinadye. Ndakhala ndikuyang'ana phiri pawindo, mitambo ya chiperoni ikutsika ndi kukwera.

Morton anafika 5 koloko itadutsa. Akuti anthu atangokhala pansi, Mwanahamisi anapempha kulankhula. Anati nkhani iime kaye, chifukwa mwini wake ali m'chipatala ndipo ali ndi mawu amene ayenera kunena yekha, kwa mayi Lukiya, pamaso pa anthu. Sananene kuti ndi mawu anji. A Alaudin anakwiya kuti aitanitsa anthu pachabe, koma anavomera.

"Mawu anji amenewo, amayi?"

Ndinamuuza, ndinamuonetsanso chithunzi. Anagwira kumutu. "Zaka ziwiri? Ine ndikugona chipinda chinacho?" Kenako anaseka kuseka kosakoma. "Ndimayesa mukudana ndi mkazi wanga, pomwe mukudana ndi khosi lanu."

Lolemba, 24 Juni

Osadya kanthu kuyambira madzulo. Dokotala wa ku Blantyre wandiona, wajambula mzere ndi bolopeni pakhosi. Akuti mawu akhoza kusasa kwa kanthawi. Ndikuopa pang'ono.

Lachinayi, 27 Juni

Zinatheka Lachiwiri. Kapaipi m'mphuno, diripi padzanja. Osameza kanthu, ngakhale madzi. Kulankhula kukupweteka.

Nditatsitsimuka, amene ankandinyowetsa milomo ndi kansalu anali Mwanahamisi.

Lachisanu, 28 Juni

37.4. Phala lamadzimadzi akulithira m'kapaipi, makapu awiri katatu pa tsiku. Amene akuphika ndi Mwanahamisi, ku khitchini ya magadiyani, n'kulisefa pa kansalu koyera. Ndinamulembera pakapepala kuti zikomo pobwerera. Anawerenga nati, "Sindinabwerere, amayi. Ndabwera kudzadikirira wodwala."

Abiti Aufi: "Mwamva, aphunzitsi? Mayeso simunakhoze, mwangololedwa kulowa m'kalasi."

Kuseka ndi ulusi pakhosi n'kowawa.

Lamulungu, 30 Juni

36.8. Bala lauma bwino, akutero anesi a Tikondane. Mawu akutuluka ngati a tambala wachimfine. Abiti Aufi atuluka mawa ndi ndodo. Akuti pa Songani sakanena kanthu mpaka nditayamba ine, "koma musachedwe, chifukwa ndikasunga nkhani masiku atatu ndimatupa."

Lachiwiri, 2 Julaye

Andijambulanso ndi choko chija. Chatsika chonse, njira imodzi, palibe podontha. Achotsa kapaipi. Madzi masipuni atatu. Ndinameza, n'kumvetsera. Zii.

Ndapempha Morton akaitane mayi Lukiya, ndiponso amayi a Mvano awiri. Ndamuuzanso chinthu choti akanditengere pamwamba pa kabati.

Lachinayi, 4 Julaye

Makilo 43. A Isaki akuti zibwerera. Phala lofewa milungu iwiri, kenako zofewa zina, nyama pambuyo.

Anabwera nthawi ya alendo: mayi Lukiya, amayi a Mvano awiri, Morton. Mwanahamisi anaima kumapazi kwa bedi. Mayi Lukiya anakhala pampando chammbali, maso kukhomo.

Ndinanena zonse ndi mawu anga osasawa, mokweza momwe ndikanathera, mwakuti a pa bedi 4 anasiya kudya. Kathumba, fungo, kansalu, nthochi. Ndinati nyama ya Idi inali yokoma ndipo inazingidwa bwino. Ndinati anandifunsa ngati ndadwala ndipo ndinawanamiza. Ndinanenanso za atsikana a kwaya aja, kuti mawu amenewo ndinanenadi, ndipo ndiwo anachititsa kuti bodza langa likhulupirike msanga. Amayi a Mvano ndinawapempha akanene ku mpingo monga ndanenera, osachotsapo.

Mayi Lukiya anati, "Apongozi, tsiku lija ndinaima ndi beseni, mukanangoti 'ndikudwala,' ndikanakuthirirani madzi musambe. Miyezi iwiri ndakhala ndikuzemba anthu kuchigayo."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Koma ndamva." Anatembenuza mpando kuyang'ana kwa ine. "Balalo likupweteka?"

Morton anatulutsa mbale yamaluwa ija m'jumbo. Ndinaipereka kwa Mwanahamisi ndi manja awiri. Ndinati achite nayo chimene akufuna, kaya kuiswa.

Anaitembenuza uku ndi uku. "Mbale yabwinobwino ngati iyi?" Anatsegula kabakuli, anathira phala la mpunga m'mbalemo, anaikamo masipuni atatu. Imodzi anapatsa amayi ake, ina ine. Anakhala pabedi penipeni, phewa lake likugunda langa.

Tinadya. Ine masipuni asanu ndi awiri, pang'onopang'ono. Atatha anatenga mbaleyo kukatsuka, ndipo dzanja langa linanyamuka lokha kuti limulande. Anandiyang'ana. Ndinalibweza.

Ndinadikira ola limodzi, kenako awiri, atatu. Palibe chabwerera.

Madzulo, akupinda zitenje, Mwanahamisi anafunsa Morton ngati nkhuku zimene anasiya kwathu zikadalipo zonse kapena wazimaliza. Morton anati yasowa imodzi yokha. Mwanahamisi anati akaziwerenga yekha Loweruka.

Kope latsala masamba awiri, ndiye ndimalize ndi inu amene ndinayamba nanu. Ngati chakudya chimakuimani pakhosi kapena kubwerera, pitani akakuoneni, ndipo akakufunsani muyankhe zoona tsiku loyamba. Koma musanakwere minibasi, yesani kaye ichi: itanani amene amakuphikirani, akhale pafupi, mutenge dzanja lake muliike pamene pakuvutapo. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi. Tayesani lero, mbale isanakwere pamwamba pa kabati.